Mayina Amene Sanapse

1. Lamulo la m'nyumba

M'nyumba ya a Zikhale ku Area 47 munali lamulo limene aliyense ankalidziwa, wamkulu ndi wamng'ono yemwe: chinthu chimene si chako usachigwire usanapemphe. Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Triza anaphwanya lamulo limeneli akudziwa.

Triza anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu. Kwawo kunali ku Mitundu, koma Mayi Zikhale, amene anali mlongo wa bambo ake, anamutenga kuti adzamalize Sitandade 8 m'tauni. Sanali mwana wamwano. Ankalawirira kudzuka, ankagwada popereka madzi kwa akulu, ndipo mayeso ankakhoza. Chilema chake chinali chimodzi: ankafunitsitsa kuti anthu asiye kumuona ngati mwana wakumudzi wongosungidwa.

Loweruka la sabata imeneyo Cathy, mwana wa Mayi Zikhale, ankakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Ana makumi awiri anaitanidwa ku phwando, ndipo monga mwa chizolowezi cha kumayadi, mwana aliyense ankayenera kubwerera kwawo ndi kathumba ka mphatso.

"Azakhali, za m'timatumba ndisiyireni ine," anatero Triza. "Kusukulu anatiphunzitsa kusungunula zidutswa za makrayoni n'kupanga atsopano. Ndipanga nyenyezi, nsomba ndi mitima. Palibe phwando kuno limene linaperekapo zotere."

"Pakamwa pako m'potakasuka ngati pa bambo ako," anatero Mayi Zikhale akuseka. Komabe tsiku lotsatira anabwera kuchokera ku Old Town ndi tizikombole ta labala. "Koma undimvetse bwino. Makrayoni atsopano oti ukawaotche sindigula. Wanena wekha kuti ntchitoyi ndi ya zidutswa."

Triza anafufuza m'madilowa, pansi pa mipando ndi m'chikwama cha Cathy. Zimene anapeza sizinadzaze ndi dzanja lomwe. Apa m'pamene anakumbukira chitini chakale cha mkaka chimene chinkakhala pa shelefu m'kachipinda kosungiramo katundu, kuseri kwa khitchini.

Chitinicho chinali cha Mayi Evelesi, amene anagwira ntchito m'nyumbamo zaka zisanu ndi zitatu. Iwo ankakhala ku Mtandire, ndipo Lamulungu lililonse ankaphunzitsa Sande sukulu pa katchalitchi ka kumeneko. Chidutswa chilichonse cha krayoni chimene ankachipeza posesa, ankachionetsa kwa mwini nyumba, n'kupempha, n'kuchiponya m'chitinimo kuti ana a ku Sande sukulu azikajambulira. Chitinicho ankachisunga kuntchito chifukwa kunyumba kwawo malata ankatentha kwambiri, makrayoni n'kumafewa ngati nthochi. Loweruka poweruka ankachinyamula, Lolemba n'kubwera nacho.

Mayi Evelesi anali panja, akuyanika zovala. Kuwapempha kukanatenga mapazi khumi okha. Triza anasuzumira pawindo, anakwera pampando, natsitsa chitinicho.

2. Timapepala

Krayoni sasungunulidwa ndi pepala lake. Triza anatseka chitseko cha kuchipinda kwake, anathira madzi ofunda m'beseni, nakhuthuliramo zidutswa zonse kuti mapepala afewe.

Atayamba kusenda, anaona chinthu chimene sanachiyembekezere. Chidutswa chilichonse chinali chokulungidwa ndi kapepala ka m'kope, komatidwa bwino, ndipo pa kapepala kalikonse panali dzina lolembedwa ndi bolopeni. Lexon. Madalitso. Sellah. Donald. Chithokozo. Mwana aliyense wa ku Sande sukulu anali ndi zidutswa zakezake ziwiri kapena zitatu, kuti asamalimbirane.

Manja a Triza anaima. Akanatha kuyanika zidutswazo, kuzibwezera m'chitini, n'kupita kukagwada kwa mwini wake. Mulungu sasiya munthu wolakwa popanda khomo lotulukira. Koma anakumbukira mawu ake odzitama aja, naganiza za azakhali ake akupukusa mutu n'kunena kuti, "Ndinadziwa ine."

Anasenda Lexon. Anasenda Madalitso. Anasenda onse mpaka beseni linayandama mayina.

Timapepalato anatifinya pamodzi n'kukhala kampira konyowa. Anakaponya m'chitini, natseka chivindikiro, ndipo madzulo anakakwirira chitinicho pansi pa masamba m'dzenje la zinyalala kuseri kwa nyumba.

Lachitatu m'mawa Mayi Zikhale anauza a Gladson, bambo wosamalira maluwa ndi kapinga, kuti akonze kachipinda kosungiramo katundu kaja phwando lisanafike. A Gladson anatulutsa makatoni akale, anasesa, ndipo masana anayatsa moto m'dzenje.

3. Nyenyezi za pambaula

Lachinayi Triza atabwera kusukulu anapeza magetsi atazima. Anaima m'khitchini akuyang'ana uvuni wozizira, misozi ili chilengelenge.

"Ukulira uvuni ngati unabadwa nawo," anatero Mayi Evelesi. "Ku Mitundu munkaphikira magetsi? Katenge mbaula."

Anamuphunzitsa njira ina. Anatsuka tizitini tating'ono ta nsomba, napinda milomo yake kuti tizithira bwino. Anaika madzi pang'ono m'poto wakale, natereka pambaula, n'kuimika tizitinito m'madzimo.

"Phula silifuna moto wachindunji, limayaka. Lizisungunuka ndi kutentha kwa madzi. Ndipo usasakanize mitundu yonse m'chitini chimodzi, pokhapokha ngati ukufuna kupatsa ana a eni nyenyezi zooneka ngati matope a mu Lingadzi."

Triza anaseka, ndipo anayamba kusankha: zofiira pazokha, zobiriwira pazokha, zachikasu pazokha. Phula likasungunuka, ankalithira pang'onopang'ono m'tizikombole. Nsomba anazithira mitundu iwiri, wobiriwira pansi, wachikasu pamwamba, atadikira kuti woyambawo ugwire. Akamaliza ankaika tizikomboleto pansi pa simenti pozizira. Patapita ola ankakankha labala ndi chala chakumanthu, nyenyezi n'kutumphuka yosalala, yonyezimira.

Cathy ankavina mozungulira mbaula. "Ndilume imodzi, a Triza! Imodzi yokha!"

"Uluma keke Loweruka, dyera iwe. Izi n'zojambulira."

"Koma mwana iwe uli ndi manja," anatero Mayi Evelesi akutembenuza nsomba imodzi. "Zidutswa zonsezi wazipeza kuti?"

"Anzanga a kusukulu anandisonkhera."

Bodza loyamba ndi limene limalemera. Limeneli linatuluka mopepuka, chifukwa kuba kunali kutalitsegulira kale njira.

Mayi Evelesi anatola chidutswa chofiira chimene chinali ndi zipsera za mano. "Ha! Nawonso a kusukulu kwanu amaluma? Ndili naye wanga ku Sande sukulu, Lexon. Ukamupatsa krayoni amayamba walawa. Koma akayamba kujambula, amaiwala ndi njala yomwe."

Triza anachilanda msanga n'kuchiponya m'kachitini kotentha. Zipsera za mano zinasungunuka pamaso pawo.

4. Chitini chakuda

Lachisanu masana Mayi Evelesi anakwera pampando kuti atsitse chitini chawo, aikiretu m'chikwama, poti Loweruka kukanakhala piringupiringu. Pa shelefu panali bwalo la fumbi lokha.

Anafunafuna paliponse. Mayi Zikhale atafika kuchokera ku ofesi ku City Centre anamva nkhaniyo, naitanitsa a Gladson.

"Ine chitini sindinachione, madamu," anatero bamboyo atagwira chipewa m'manja. "Koma ndikaone kudzenje."

Munthu wodziwa kuti walakwa sathamangira kukafukula umboni womutsutsa. A Gladson anapita okha, natakasa phulusa ndi khasu, nabwerako ndi chitini chakuda bii, chotsekula, chopanda kanthu.

Mayi Zikhale anali munthu wachilungamo, koma wofulumira kuweruza.

"A Gladson, mwezi wa Juni munawotcha makalata a bambo a Cathy pamodzi ndi manyuzipepala. Ndinakukhululukirani, ndipo ndinakuuzani kuti m'nyumba muno simutayidwa kanthu ndisanaone ndi maso angawa. Tsopano mwawotcha zaka zisanu ndi zitatu za thukuta la mnzanu. Mukuona ngati n'zinyalala chifukwa si zanu. Munthu wosasamala za mnzake sindingamusiyire makiyi a geti. Mawa muthandize za phwando. Lolemba musabwere."

"Madamu, ndili ndi ana kusukulu."

"Nawonso a Evelesi ali ndi ana ku Sande sukulu."

Triza anali pakhomo la khitchini, akumva zonse. Mayi Evelesi analandira chitinicho, napisamo chala, nachizunguliza m'kati. Kenako anayang'ana chalacho nthawi yaitali. Chinali ndi phulusa lokha. Phula likapsera m'chitini limasiya mafuta, koma m'menemo munali mouma.

Sananene kanthu kwa abwana awo. Madzulo, pamene ankathandiza Triza kulonga nyenyezi m'timatumba, anayamba kulankhula maso ali pa ntchito.

"Triza mwanawe, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma pali zimene ndinaphunzira m'nyumba za anthu. Chinthu chochepa n'chochepa kwa amene ali nazo zambiri. Kachidutswa kamene kuno timasesa, ku Mtandire mwana amakadikira sabata yathunthu. Amasamba m'mamawa, amathamanga opanda nsapato, kuti akagwire kanthu kolembedwa dzina lake. Ena mwa iwo dzina lawo sanalionepo litalembedwa pena paliponse koma pa kapepala kameneko.

"Komabe makrayoni si kanthu, tidzatola ena. Chimene chikundiwawa ndi bambo uja. Wabwera pa njinga kuchokera ku Mpingu zaka zinayi, mvula ndi dzuwa, ndipo achoka ndi dzina loipa. Ntchito imapezeka, koma dzina likapsa silimera msanga. Ine sindiloza munthu chala popanda kumuona. Ndimangodziwa kuti mlandu suwola. Ndipo amene amakhala chete mnzake akusenza katundu wake, amaba kawiri: koyamba ndi manja, kachiwiri ndi pakamwa potseka."

Triza anamanga kathumba ndi riboni.

"Wamangitsa kwambiri," anatero Mayi Evelesi. "Mwana sangamasule."

5. Mphatso ya a Gladson

Loweruka m'mawa a Gladson anafika nthawi yawo ya masiku onse. Anatchetcha kapinga, anayala mipando, namangirira mabaluni pageti ngati munthu amene adzagwira ntchito pamenepo mpaka ukalamba.

Triza anapita kumpopi wa panja kukatsuka tizikombole. Bamboyo anamupeza pomwepo, nayang'ana uku ndi uku, napisa dzanja m'thumba la ovolosi.

"Achemwali, izi ndi zanu."

M'chikhatho mwawo munali kampira ka mapepala kaja. Kunja kunali kowauka pang'ono, koma m'kati munali mwabwinobwino.

"Pepala lonyowa silipsa," anatero a Gladson. "Ndinakapeza m'chitini ndisanabwere nacho kwa madamu. Lachiwiri madzulo ndinakuonani mukupita kudzenje. Sindinaganize kanthu."

Triza anayang'ana kampirako. "Ndiye bwanji simunanene, ankolo?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti mwana wa mchimwene wawo wa madamu ndi wakuba? Wantchito akaloza chala mwana wa m'nyumba, ngakhale akhale wolondola, ntchito yatha basi. Ndiponso ndinaganiza za inu. Ine ndikachoka pano ndikagwira khasu kwathu. Inu akakubwezani ku Mitundu mwezi uno, Sitandade 8 yathera pomwepo. Ndili naye mwana wamkazi wa msinkhu wanu. Tengani. Mukafuna kayanikeni mukawotche bwinobwino. Ine sindidzatsegula pakamwa."

Anamuikira kampirako m'dzanja, nabwerera kukapopa mabaluni.

Triza analowa kuchipinda. Machesi anali pawindo. Anakhala pabedi nthawi yaitali, kenako anayamba kumatula timapepalato kamodzikamodzi, n'kumatiwongola pabondo. Bolopeni sinafufutike.

6. Pamaso pa anthu

Pofika 2 koloko magalimoto anali atadzaza msewu. Ana ankadumpha pa chinyumba chopopa mpweya, amayi atakhala pamthunzi wa mtengo wa mango ndi mbale za samusa. Cathy anazima makandulo asanu ndi imodzi, anthu naimba, nawomba m'manja.

Nthawi yogawa timatumba itakwana, ana anaiwala keke. Wina ankajambula pa mbale ya pepala ndi nsomba yake, wina ankasinthanitsa mtima ndi nyenyezi. Kamnyamata kena kotchedwa Paxton kanaluma yake n'kulavula, anthu onse n'kufa nacho chiseko.

Amayi a Paxton, amene anachokera ku Area 12, anatembenuza nyenyezi m'manja, nayang'ana Mayi Zikhale. "Bernadetta, izi mwaitanitsa kunja eti? Osatibisira."

"Kunja kwake kuti?" anatero Mayi Zikhale monyadira. "Zapangidwa pambaula kuseri uku. Triza, bwera kuno anthu akuone. Uyu ndi mwana wa achimwene anga. Anasonkhanitsa yekha zidutswa kwa anzake a kusukulu, zinthu zoti zikanatayidwa. Ana inu, muzitengera chitsanzo."

Anthu anawomba m'manja. Izi ndi zimene Triza ankazilakalaka chifikire m'tauni. Anaima pakati pa bwalo atavala diresi lake la kutchalitchi. Chakumpanda anaona a Gladson akutola mbale zakuda n'kumaponya m'thumba. Pakhomo la khitchini panaima Mayi Evelesi ndi thireyi m'manja.

Triza anagwada pa kapinga.

"Dzuka iwe, udetsa diresi," anatero azakhali ake akumwetulira.

"Azakhali, ndili ndi mawu. Ndikupempha anthu onse amve."

Woimba nyimbo anatsitsa wailesi. Mawu a Triza anayamba motsika, koma anakwera.

"Zidutswa zija sanandipatse anzanga. Ndinanama. Ndinaba chitini cha anti Evelesi Lachiwiri, iwo ali panja pomwepa, osawapempha. Ndinaona kuti makrayoniwo ali ndi eni ake, koma ndinasendabe. Chitini ndinakachibisa ndine m'dzenje. Ankolo a Gladson sanachigwire n'komwe. Dzulo mukuwachotsa ntchito ine ndinali pakhomo, ndikumva, ndipo ndinakhala chete. Iwo ankadziwa kuti ndine, koma anandibisa kuti ndisabwezedwe kumudzi."

Anapisa m'thumba natulutsa timapepala tija.

"Nyenyezi zimene mwanyamulazo eni ake ndi awa." Anayamba kuwerenga. "Lexon. Madalitso. Sellah. Donald. Chithokozo."

Anawerenga mayina onse khumi ndi asanu ndi atatu, osadumpha ndi limodzi lomwe. Pofika kumapeto misozi inali ikugwera pa mapepala. Amayi a Paxton anaika nyenyezi ija patebulo pang'onopang'ono, ngati yatentha.

Mayi Zikhale anaimirira. Anadutsa Triza osamuyang'ana, nayenda mpaka kumpanda. Pamaso pa alendo awo onse anawerama, nagwira dzanja la a Gladson ndi manja awiri.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndinaweruza ndisanafunse. Lolemba ndi tsiku la ntchito monga mwa masiku onse."

A Gladson anavula chipewa.

Kenako Mayi Zikhale anabwerera kwa mwana wa mchimwene wawo, amene anali chigwadire.

"Za ku Mitundu tikambirana ndi bambo ako, osati pano. Wavomera, ndipo wachita bwino. Koma wavomera pamaso pa anthu okhuta, amene sanataye kanthu. Mawa ulawirira ndi a Evelesi kupita ku Mtandire. Ukaima kutsogolo kwa Sande sukulu, ndipo mawu omwewa ukawanena kwa eni mayinawo, akukuyang'ana m'maso."

Triza anayang'ana timapepala m'dzanja lake. Kapamwamba kanali kowauka m'mbali, koma dzina linkawerengeka bwinobwino: Lexon.